Misomali Yopotana M'khola la Ba Cephas

"Atate, moto ukazima umapita kuti?"

Anandifunsa zimenezi ndi Towela, mwana wanga wachiwiri, ali ndi zaka zisanu. Ndinali kukhoma mbaula pabwalo, ndipo ndinamuyankha osamuyang'ana kuti umakwera kumwamba pamodzi ndi utsi. Lero Towela ndi namwino ku Chipata ndipo funsolo analiiwala kalekale. Ine linandibwerera Lamlungu lina la mu Ogasiti, nditaima pa khola lopsa la Ba Cephas Daka.

Dzina langa ndine Obed Miti. Ndimakhoma mbaula, mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo pa mzere wathu ku Chawama ndine amene ndimasamalira sitovu ya Ba Eneless Kachingwe. Ndi sitovu yachitsulo chakuda, ya miyendo inayi, yoyendera nkhuni. Atate awo anabwera nayo kuchokera ku famu ina ya ku Chisamba, komwe anaphikira azungu zaka makumi atatu atachoka kwawo ku Ntcheu. Ba Eneless amawotchamo mabanzi, ndipo fungo lake ndilo limatidzutsa tonse. Magetsi akapita, anthu amabwera ndi tizidutswa ta malata kudzapala moto. Ena amabwera kudzatapa phulusa la chidulo, lokwechera mapoto, lothira m'chimbudzi. Timakhala bwino pamzerepo. Timakangana za madzi ndi za ana, kenaka timabwerekana mchere.

Moto wa pa kholapo unaoneka cha m'ma leveni m'mawa, ambiri a ife tili kutchalitchi. Pamene tinkabwerako, otsala pakhomo anali atauzimitsa ndi mchenga ndi madzi a m'migolo. Nyumba inapulumuka. Khola linapsa, pamodzi ndi nkhuku zakumudzi makumi awiri ndi zitatu. Inatsala yathadzi imodzi yokha, imene inazolowera kuikira kunja.

Ba Cephas ndi mlonda wa usiku ku nyumba ina ya ku Kabulonga, munthu wamtali amene amayankhula ngati akuwerenga lipoti. Anaima pakati pa bwalo, tayi ya kutchalitchi ikadali pakhosi, naloza chipinda chakuseri kwa nyumba yawo. M'chipindamo amachita lendi Ba Nkandu, mayi wamasiye wa ku Mansa, wogulitsa chikanda, chakudya chophika ndi timizu ta kutchire ndi mtedza, ndi mwana wawo wamkazi wa giredi seveni.

"Ni uyu," anatero Ba Cephas. "Pa Chinayi anakamba pamaso pa bantu kuti nkhuku zanga sizizaona Khisimasi. Lelo zaona chani?"

Ba Nkandu anali atakhala pa chitseko, dzanja lamanja litakulungidwa m'kansalu konyowa.

Sajeni Mutale wa ku polisi ya pamsika anafika masana. Ndi mayi wodekha, ndipo amandidziwa chifukwa geti ya papolisipo ndinawotcherera ndine. Anayang'ana kholalo, nalemba zimene Ba Cephas ananena, nauza Ba Nkandu kuti akaonekere ku polisi mawa lake nthawi ya teni. Ba Cephas anawonjezera kuti dzuwa la Lolemba likamalowa, chipindacho chikhale chopanda munthu. Potuluka, Sajeni anandiyang'ana, nanena motsitsa mawu kuti kutentha dala si mlandu waung'ono, ndipo ngati ndili ndi choti ndinene ndibwere nacho teni isanakwane.

Ndinalibe choti ndinene. Ndinapita kunyumba, ndinavula jekete, ndinatenga magolovesi a ntchito.

* * *

Ndinayambira pa kantemba ka Ba Kombe, kamene kamayang'anizana ndi njira yodutsa pambali pa kholalo. Ba Kombe amagulitsa ufa wa m'timapepala, mafuta, machesi ndi nkhani. Sindinawafunse kawiri.

"Ninabaona na menso yanga, ba Miti. Eiti awazi. Bachoka kuli ba Eneless na mulilo pa kachidutswa ka lata, bapita pafupi na khola, so. Mphepo nayo yenze yakali. Ine sinikamba ati ni beve, ine nikamba chabe vamene ninaona."

Ndinawafunsa ngati Ba Nkandu anaima pa kholapo. Anati ayi, sanaime, ankayenda mofulumira ngati aliyense wonyamula moto. Ndinafunsa ngati anaona utsi nthawi imeneyo. Anati utsi anauona patapita maola atatu, ndipo woyamba kukuwa anali Ba Nkandu omwewo. Kenaka nkhani inakhotera kwina, monga imakhotera nthawi zonse ndi Ba Kombe. Anadandaula kuti Ba Cephas ndi munthu wosayamika: Loweruka madzulo, cha m'ma seventini, anabwera kudzapempha saka yopanda kanthu ya ufa, anaitenga, osanena ndi zikomo yomwe.

"Saka yabwino, ba Miti, ilibe na kabowo. Ninafunsa ati ni ya chani, banayankha ati ni ya nchito. Nchito ya bulonda ifuna saka?"

Ndinaseka nawo. Nthawi imeneyo za saka sindinaziike kumtima.

Ba Nkandu ndinawapeza akulongedza mbale m'beseni. Mwana wawo anali atamutumiza kwa mnzawo wa kutchalitchi kuti asaone. Anandipatsa kampando, nafotokoza pang'onopang'ono, chinyanja chawo chikupendekera ku chibemba. Moto anapaladi kwa Ba Eneless, monga amachitira Lamlungu lililonse. Makala anali anayi, ndipo anawavundikira ndi chivundikiro cha poto chifukwa cha mphepo. Anafika nawo onse anayi, nayatsira mbaula, nayamba kuphika chikanda. Chikanda sichisiyidwa, chimafuna mthiko osalekeza, choncho sanachoke pakhomo mpaka pamene anamva fungo la nthenga. Dzanja analitentha potsegula chitseko cha kholalo.

Za Khisimasi anavomera. Nkhuku zinawadyera nshawa, mtedza umene anayanika, lichero lathunthu, ndipo mtima unawapsa.

"Ninakamba, ee mukwai. Kamwa inakamba. Koma kuocha vinama vili moyo? Ine nimapatsa madeya ili yathadzi yamene imaikila kumbuyo kwa dilamu yanga."

Anandiuza kuti chipinda si chimene chikuwawawa kwambiri, ngakhale sukulu ya mwana ili pafupi ndipo mayeso ali mu Novembala. Chikuwawawa n'chakuti munthu amene wapita ku polisi pa mlandu wa moto palibe amene adzamupatse chipinda mu Chawama monse. Eni nyumba amauzana.

Sindinawalonjeze kanthu. Ndinawapempha kuti aleke kulongedza kufikira mawa.

* * *

Ba Cephas anali atagona, kukonzekera ntchito ya usiku. Akazi awo, Ba Felistus, anandilola kulowa m'kholamo.

Wosula zitsulo amaphunzira kuwerenga pamene moto wadutsa. Khala likanagwa m'njira, mitengo ya mbali ya kunjira ndiyo ikanapsa kwambiri. Koma mitengo imeneyo inangodetsedwa ndi utsi, ina ikadali chiimire. Mbali imene inatheratu inali ya mkati, pangodya yotsamira khoma la njerwa, masitepe asanu ndi limodzi kuchokera kunjira. Pamenepo moto sunayambe pamwamba. Unadya utuchi wa pansi mpaka kukumba kadzenje, ngati chinthu chimene chakhala chikunyeka nthawi yaitali chisanatulutse lawi.

M'kadzenjemo munali mulu wa phulusa. La utuchi ndi nthenga linali lakuda ndi lonyowa, koma ili linali lotuwa, losalala, lambiri. M'mbali mwake munali chinthu chakuda cholimba, chokwinyika ngati chikopa chouma. Ndinachithyola ndipo ndinaona ulusi wa pulasitiki wolukana. Inali saka yosungunuka.

Ndinagwada ndi kuyamba kusefa phulusalo ndi zala. Chinthu chinandibaya. Unali msomali. Ndinapeza wina, kenaka wina, mpaka khumi ndi umodzi, yonse yopsa, yonse yopotana thupi lake ngati chingwe.

Kholalo Ba Cephas anamanga okha, ndipo mzere wonse unatopa ndi kumva kuti mulibe msomali ngakhale umodzi, anamanga ndi waya wa m'matayala basi. Ndinayang'ana mitengo yotsala. Zinali zoona, munali waya yekhayekha.

Misomali yopotana chotero ndinkaidziwa. Ndinali nditaiona dzulo lake lomwe, m'nyumba ina.

* * *

Ba Eneless anali atakhala pakhonde akupaka mafuta m'mathini a mabanzi. Ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu, anabadwira kuno, koma amayankhulabe chichewa cha atate awo. Ndinawaonetsa misomali ija m'dzanja. Anaiyang'ana, nati ndi ya mapaleti awo.

Nkhuni zenizeni zinakwera mtengo mu Lusaka, choncho Ba Eneless amagula ku mafakitale mapaleti othyoka, matabwa osanjikapo katundu, n'kusakaniza ndi zipika za musamba. Ndinawaletsa kalekale matabwa opaka penti kapena onunkha mankhwala, chifukwa utsi wake umalowa mu uvuni. Ndinawaletsanso nkhuni zaziwisi, zimene zimasiya mwaye womata ngati phula m'chumuni, ndipo mwaye woterowo tsiku lina umayaka wokha. Amamvera. Koma mapaleti amabwera ndi misomali yake yopotana, ndipo yonse imathera m'phulusa. Pamzere pathu palibe wina amene amasonkhera nkhuni. Ena tonse ndi makala pa mbaula.

"Ndiye kuti phulusa langa lafika m'khola la bambo uja?" anafunsa. "Layenda lokha? Paja iye analumbira kuti pakhomo panga sadzapondapo."

Nkhani imeneyo inali ya chaka chathachi. Ba Cephas anakadandaula kwa atcheyamani a zoni kuti utsi wa sitovu ukudetsa yunifolomu yawo pa chingwe. Mlandu unatha pamene ndinatalikitsa chumuni ndi mapaipi awiri, koma Ba Cephas anali atanena kale pamaso pa anthu kuti phazi lawo silidzaponda pabwalo la Ba Eneless, ndipo banzi lawo sadzalilawa.

Ndinafunsa amene anatapa phulusa dzulo. Ba Eneless anati sakudziwa, chifukwa madzulo anapita kumsika kukagula fulawa, koma pobwera anaona kuti ndowa ya pageti yatsika kufika pakati. Sanadabwe. Ndowa ya pageti ndi ya aliyense.

Lamulo la ndowa ndinaika ndine. Pali ndowa ziwiri zachitsulo, zofanana, ndinazidula kumgolo umodzi. Phulusa likachotsedwa m'sitovu limalowa m'ndowa ya kuseri, pansi pa chumuni, pamalo a simenti opanda udzu kapena nkhuni pafupi. Imeneyo imavundikiridwa, pamwamba n'kuikapo mwala, ndipo siikhudzidwa masiku atatu. Pakatha masiku atatu phulusa limatsanulidwira m'ndowa ya pageti. Mzere wonse umadziwa: la pageti tapani, la kuseri musayandikire.

Ndinapita pageti. Ndinachotsa chivundikiro, ndinavula golovesi, ndinaika chikhatho pamwamba pa phulusalo. Linali lozizira ngati ufa. Ndinalowetsa dzanja pang'onopang'ono. Zala zitamira, dzanja litafika pamkono, ndinamva kufunda. Ndinalitulutsa msanga.

Ba Eneless anaima kumbuyo kwanga, thini ili m'manja. Anati sizingatheke, la pageti limakhala la masiku atatu. Anathamangira kuseri. Pansi pa chumuni panali ndowa inayo, yodzaza mwaye wakuda, mwala uli pambali pake pansi.

Sindinafunikire kufunsa wina aliyense. Loweruka m'mawa Ba Eneless anachotsa phulusa lonse la mabanzi a Lachisanu usiku, kuti sitovu izizire ndidzaisese. Ndinafika masana. Ndinagogoda mapaipi kumva pamene mwaye wachindikala, ndinamata ming'alu iwiri ndi dongo, ndinathira mchenga watsopano pansi pa uvuni. Pofuna kukwera padenga kuti nditsitse burashi ya waya m'chumuni, ndowa ya kuseri inali pamalo oimika makwerero. Ya pageti inali yopanda kanthu, anthu anali atamaliza. Ndinatenga yopanda kanthuyo kuti ndilandiriremo mwaye, ndipo yamotoyo ndinainyamula n'kuiika pageti, ndikuti ndi kwa kanthawi. Nditatsika, munthu anandiitana za geti yake yoguluka. Ndinasamba m'manja, ndinalandira mabanzi anga awiri, ndinapita.

Amene anaika ndowa ya moto pageti ndinali ine.

* * *

Ndinawauza Ba Eneless zonse pomwepo. Anati cholakwa changa achimva, koma ndowa ilibe miyendo yopitira m'khola la munthu. Tinaivundikira, tinaibwezera kuseri, tinaikapo mwala. Ndinawapempha kuti asaikhudze mpaka mawa.

Ba Cephas anali atanyamuka kupita ku ntchito pamene ndinabwerera kwawo, dzuwa likupendeka. Ba Felistus anali kuanula zovala. Ndi mayi wanthabwala, ndipo mzere wonse, kupatula amuna awo, umadziwa kuti amagula mabanzi a Ba Eneless atawabisa m'chitenje n'kuuza amunawo kuti ndi a kumsika.

Ndinawafunsa ngati nkhuku zinali bwino masiku apitawa. Anati zinali ndi utitiri milungu iwiri, wambiri mpaka unkakwera pa yunifolomu, amuna awo n'kumakanda pa geti ya abwana ngati ali ndi mphere. Iwo anawauza kuti mankhwala ake ndi phulusa la nkhuni, nkhuku zizisambamo, monga ankachitira kwawo ku Katete. La pa mbaula ndi lochepa, silidzaza ndi kapu. Amuna awo anayankha kuti bola nkhuku zife kusiyana ndi kukapempha kwa mayi uja.

Ndinafunsa ngati ndiye iwo anakatapa. Anapukusa mutu. Loweruka madzulo anali ku kwaya, ndipo anthu makumi awiri angachitire umboni. Anapinda malaya, napinda ena. Kenaka ananyamula thalauzi lotuwa la amuna awo, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Ba Miti, ine sinikamba kanthu pali bamuna banga. Koma iyi thalauzi ninachapa lelo kuseni, tikalibe kuyenda ku chechi. Manzi yanayela monga naikamo mukaka. Ninaganiza ati kapena ku Kabulonga bamanga nyumba."

Anaika thalauzilo m'beseni, nandifunsa ngati ndimwa tiyi. Maso awo anali ofiira. Ndinati ndidzamwa mawa.

* * *

Lolemba m'ma seveni ndinali nditakhala pa njerwa pafupi ndi kholalo, ndowa ija ili pakati pa miyendo yanga, misomali ili m'kachitini. Kunja kunali kozizira, ana akudutsa kupita kusukulu, fungo la mabanzi likubwera ndi mphepo. Ba Cephas anatulukira pakona atavala jasi la ulonda, natsika liwiro atandiona.

Ndinawapatsa moni, ndinawafunsa za ntchito. Kenaka ndinawauza kuti ndabwera kudzapepesa. Ndinafotokoza za makwerero, za ndowa ziwiri, za mwala umene sindinabwezere. Ndinati aliyense amene anatapa pageti Loweruka madzulo sanabe kanthu ndipo sanaphwanye lamulo, anatapa pamene aliyense amatapa. Amene anasokoneza malo ndi ine.

Anati sakuona mmene nkhani ya ndowa ikukhudzirana ndi nkhuku zawo.

Ndinakhuthulira misomali ija pa njerwa, pambali pake n'kuikapo chidutswa cha saka. Ndinawakumbutsa kuti khola lawo linalibe msomali. Ndinachotsa chivundikiro pa ndowa ndi kuwapempha kuti agwire phulusalo. Anazengereza, kenaka anawerama, naika chikhatho.

"Ni lozizila," anatero.

Ndinatenga kafosholo ndi kukumba mpaka pansi. Ndinatulutsa khala lakuda, laling'ono ngati chala chachikulu, ndinaliika pa kachidutswa ka lata, ndinauzira. Kachitatu, pakati pake panatuluka kadontho kofiira ngati njere ya chimanga. Phulusa limenelo linali litachoka m'sitovu masiku awiri apitawo.

Ba Cephas anakhala pansi pa njerwa ina, chipewa chili m'manja. Analiyang'ana khalalo mpaka linadanso.

"Ninagwila na kwanja," anatero motsitsa. "Monga apa. Linali lozizila."

Zotsalazo zinatuluka zokha. Anadikira kuti Ba Eneless apite kumsika, analowetsa dzanja pageti osaponda pabwalo, kuti lumbiro lawo lisasweke, natapa ndi mbale mpaka saka inafika pakati. Nthawi ya basi inali itakwana, choncho anaimika sakayo pangodya ya khola, pa utuchi, kuti adzamwaze Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Moyo wawo wonse akhala ndi mbaula, ndipo phulusa la mbaula likatha ola limodzi mwana amaseweretsa. Sanaganizepo kuti la sitovu ndi lina. Ataona khola litapsa, za saka zinawadutsa m'mutu kamodzi, koma anazikankha. Mawu a Khisimasi anali pafupi, ndipo anali osavuta kunyamula.

Ndinawauza kuti ku polisi tipita awiri, aliyense akanene mbali yake. Anafunsa ngati n'kofunika kutchula za geti ya Ba Eneless. Ndinati popanda geti imeneyo Ba Nkandu alibe chowapulumutsa. Anayang'ana chitseko cha chipinda chakuseri, chimene chinali chotseka, naimirira.

Sajeni Mutale anamvetsera osatidula. Anatembenuza msomali umodzi m'zala, nafunsa mafunso atatu, nalemba mizere ingapo. Anati Ba Nkandu asavutike kubwera. Kwa ine anati ndowa ziwiri zofanana ndi nzeru ya theka, ndipo ndinavomera. Tsiku lomwelo ndinapaka penti yofiira pa ndowa ya kuseri, ndi kuimangirira ku khoma ndi tcheni.

* * *

Pobwerera tinapeza anthu pa kantemba ka Ba Kombe, akudikira kuona Ba Nkandu akupita ku polisi. Ba Nkandu anali ataima pachitseko chawo, atavala chitenje cha kutchalitchi, chikwama chili m'khwapa. Ba Eneless anali pambali pawo. Anabwera kudzawaperekeza, ndipo kanali koyamba kuti aponde pabwalo la Ba Cephas chichitikire mlandu wa utsi.

Ba Cephas anayamba kulankhula motsitsa, atayang'ana pansi. Ba Nkandu anawadula.

"Munanitchula pa bantu, ba landilodi. Kambani pamene bantu bamvela."

Ba Cephas anatembenukira ku kantemba. Ananena zonse ndi mawu awo a lipoti, kuyambira utitiri mpaka saka, osasiya ndi za dzanja lolowetsa pageti. Ba Kombe anafunsa ngati tsopano saka yawo ibwezedwa, anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula onse. Ine ndinanena mbali yanga. Ba Eneless anati phazi kapena dzanja, zonse ndi za munthu mmodzi, choncho lumbiro linatha Loweruka, ndipo bambo angathe tsopano kudya mabanzi awo poyera, popeza akhala akuwadya chaka chonse. Ba Cephas anayang'ana akazi awo. Ba Felistus anali kuyang'ana kumwamba.

Ba Nkandu sanaseke. Analowa m'chipinda, nasiya chikwama, natuluka ndi beseni la mbale zija, nayamba kuzibwezera pa thandala imodziimodzi ndi dzanja lamanzere. Anthu anabalalika. Ine ndinatsala ndikuyeza malo a kholalo ndi tepi, chifukwa ndinali nditanena kale kuti latsopano ndimanga ndine, lachitsulo.

Ba Cephas anayandikira thandala. Anafunsa za dzanja. Ba Nkandu anati lipola. Anafunsa ngati akhalabe. Ba Nkandu anati mwana ali ndi mayeso, ndipo yathadzi ija yafungatira mazira asanu ndi anayi kuseri kwa dilamu, singasamutsidwe. Anaika mbale yomaliza, napukuta dzanja pa chitenje.

"Tikamvane apa," anatero. "Imwe ku ndowa musayendeko futi. Phulusa nizayamba kubweletsa ine, pa Chitatu pa Chitatu, nikaligwila mpaka pansi. Imwe muyang'ane nshawa zanga."

"Nizamanga waya kuzunguluka pamene muyanika," anatero Ba Cephas. "Nikalibe kumanga khola, nizayamba na iyo. Na tuanapiye tukabadwa, tubili ni twanu."

"Tutatu."

Ba Cephas anayang'ana dzanja lomangidwa lija.

"Tutatu," anavomera.